Olera ana akweza mitengo: kodi £6 pa ola ndi kutidyera masuku pamutu?

Mayi a Tadala
Moni nonse pagulu. Mwezi uno makolo angapo kuno ku Leeds, ku England, alandira makalata kuchokera kwa ma childminder awo (olera ana a anthu ena m'nyumba zawo molipidwa), onse nkhani yake imodzi: kuyambira Januwale mtengo ukwera. Kalata imene yazungulira kwambiri ikuti ola lichoka pa £5.50 kufika pa £6, ndipo chakudya chamasana chiyamba kulipiridwa pachokha. Anthu akwiya, ena akuti ndi dyera chabe poti boma lidawonjezera kale maola aulere (maola olera ana amene boma limalipira) mu Seputembala 2025. Pagulu pano tili ndi olera ana olembetsedwa komanso odziwa za msonkho. Tatimasulireni. Kukweza kotere n'kololedwa? Notisi iyenera kutalika bwanji? Nanga kholo lingachitepo chiyani?

aNaphiri
Mayi a Tadala, n'kololedwa. Childminder ndi munthu wodzilemba yekha ntchito, ndipo mtengo amaika yekha. Ofsted, bungwe la boma loyendera sukulu ndi olera ana, imayang'ana chitetezo cha ana, maphunziro awo, chiwerengero chawo ndi mapepala, koma pa nkhani ya mtengo silowererapo. Mukaimbira foni kukadandaula za 50p adzakuuzani kuti zimenezo ndi za inu awiri.

Chimene chimamanga onse awiri ndi kontrakiti. Itengeni muwerenge pamene pakunena za kusintha mtengo. Makontrakiti ambiri amati notisi ikhale yolemba, ya masabata anayi, ena amati mwezi wathunthu. Ngati kontrakiti ikuti masabata anayi koma iye wanena Lachisanu pakhomo kuti Lolemba mtengo wasintha, muli ndi ufulu wolipira mtengo wakale mpaka masabata anayiwo atakwana. Mukakana mtengo watsopano, njira yanu ndi kupereka notisi yochotsa mwana, ndipo masabata a notisiwo amalipiridwabe ngakhale mwanayo asiye kupita. Apa ndi pamene makolo ambiri amapsa mtima, amachotsa mwana tsiku lomwelo, kenako n'kulandira invoisi ya mwezi wathunthu.

Bambo Gondwe
Tiyeni tiwerengere limodzi, poti £5.50 ikamveka payokha imasocheretsa. Manambalawa ndi chitsanzo chabe, aliyense aikepo ake.

Ana atatu, aliyense maola 40 pa sabata, pa £5.50. Pa sabata ndi £660. Chaka chili ndi masabata 52 koma chotsanipo tchuthi chake, Khrisimasi ndi masiku odwala, omwe ambiri salipidwa, mutsala ndi masabata 46. Ndalama yolowa ndi £30,360. Chotsanipo zogula ndi zolipira: chakudya, gasi ndi magetsi, mafuta a galimoto, inshuwalansi, zoseweretsa, zotsukira, maphunziro. Tinene £7,000 pa chaka. Yotsala ndi £23,360, msonkho usanachotsedwe.

Tsopano maola ake. Ana akakhala maola 40, iye amagwira osachepera 50, chifukwa safika ndi kuchoka nthawi imodzi, ndiye pali kukonza m'nyumba, kugula zinthu, kulemba za kakulidwe ka mwana aliyense ndi mainvoisi. Maola 50 kwa masabata 46 ndi 2,300. Gawani £23,360 ndi 2,300, mupeza £10.16 pa ola. Malipiro otsikitsitsa ololedwa kwa wa zaka 21 kupita m'mwamba adafika pa £12.21 mu Epulo 2025. Kuti afike pamenepo pa chitsanzo chomwechi, ola liyenera kukhala pa £6.36. Ndiye amene wakweza kufika pa £6 sanafikebe pa malipiro a munthu wopanga mashelefu mu supamaketi. Ndipotu ndawerengera ngati malo onse atatu ndi odzaza chaka chonse, zomwe sizichitikachitika.

Chikondi M.
Bambo Gondwe, masamu anu ndawamva, koma pali zimene mwasiya. Pali ana a sukulu amene amabwera m'mawa ndi madzulo, amenewonso amalipira. Komanso aliyense akungoti "zinthu zakwera, zinthu zakwera", pomwe inflation, liwiro la kukwera kwa mitengo, idatsika kalekale. Malipiro a makolo ambiri pagulu pano ndi £12.21 yomweyo. Munthu wa ana awiri akalipira £12 pa ola kwa childminder, ndiye akugwirira ntchito ndani?

Bambo Gondwe
Za ana a sukulu mwanena zoona achimwene, ndipo ndi amenewo amene amapulumutsa mabizinesi ambiri otere. Ana awiri a maola atatu pa tsiku kwa masabata 38 a sukulu amabweretsa ndalama yooneka. Koma amatalikitsanso tsiku, amafuna galimoto yaikulu ndi mipando yake, ndipo ofika 3 koloko amafika ndi njala yoopsa.

Za inflation ndiye ayi. Kutsika kwake sikutanthauza kuti mitengo yabwerera pansi, yangochepetsa liwiro. Idafika pa 11.1% mu Okutobala 2022, ndipo ya zakudya idapitirira 19% mu Malichi 2023. Chinthu cha £1 chikakwera ndi 19% chimafika pa £1.19, chaka chotsatira chikakwera ndi 4% yokha chafika pa £1.24. Magetsi ndi gasi chimodzimodzi: malire a mtengo oikidwa ndi Ofgem, bungwe loyang'anira magetsi ndi gasi, adali £1,277 pa chaka kumapeto kwa 2021, adakwera ndi 54% mu Epulo 2022, ndipo kumapeto kwa 2025 adali adakali pamwamba pa £1,700 kwa nyumba wamba. Nyumba ya childminder si wamba. Inu mukapita ku ntchito mumazimitsa hita, iye amayatsa kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka madzulo chifukwa pali khanda likukwawa pansi. Makina ochapira amazungulira tsiku lililonse.

Funso lanu lomaliza ndi lenileni, koma yankho lake lili kwa boma ndi thandizo limene mungapeze. Childminder sangatsitse mtengo mpaka kugwira ntchito mwaulere.

aNaphiri
Ndiwonjezere chimene anthu akunja kwa ntchitoyi sachidziwa. Wogulitsa mandasi mafuta akakwera amakazinga ambiri kuti phindu libwerere. Ife lamulo lidatitsekera njira imeneyo. Ku England munthu mmodzi asapitirire ana 6 osakwana zaka 8 pa nthawi imodzi. Mwa amenewo, aang'ono osayamba sukulu asapitirire atatu, ndipo wosakwana chaka akhale mmodzi. Ana ake omubala amawerengedwa momwemo, ndiye amene ali ndi mwana wake wa zaka 2 nthawi zambiri amatsala ndi malo awiri okha ogulitsa masana. Pali zochepa zimene amalola, monga mapasa kapena mng'ono wa mwana amene alipo kale, koma 6 ija siyidumphidwa. Zinthu zikakwera, chotsala ndi kutalikitsa maola kapena kukweza mtengo, basi.

Mayi a Tadala
Zikomo aNaphiri. Koma nanga za maola aulere aja? Anthu akuti boma likuwalipira kale ndalama zambiri.

aNambewe
Mayi, zimatengera msinkhu wa mwana, ndipo apa ndi pamene pali bala. Maola amenewa adabwera pang'onopang'ono: maola 15 kwa a zaka 2 mu Epulo 2024, maola 15 kuyambira miyezi 9 mu Seputembala 2024, ndiye maola 30 kuyambira miyezi 9 mu Seputembala 2025, kwa makolo ogwira ntchito. Boma limapereka ndalama ku khonsolo, khonsolo imasungako pang'ono, yotsala imapita kwa wolera. Chaka cha 2025/26, pa avareji ya dziko lonse, khonsolo inkalandira pafupifupi £11.50 pa ola kwa osakwana zaka 2, pafupifupi £8.50 kwa a zaka 2, koma £6 ndi timakobiri kwa a zaka 3 ndi 4. Yofika m'manja mwa wolera imachepera pamenepo, ndipo khonsolo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Mitengoyi adaikonza poganizira nazale. Ku nazale wantchito mmodzi amayang'anira makanda atatu, a zaka 2 asanu, koma a zaka 3 ndi 4 amafika 8, ngakhale 13 akakhala mphunzitsi wa mapepala. Ndiye kwa iwo mwana akamakula mtengo ukhoza kutsika. Kwa childminder malo ndi atatu omwewo, mwana akhale wa chaka chimodzi kapena zaka 4. Mwana yemweyo amene amabweretsa £10 ndi kanthu pa ola ali khanda, akakwanitsa zaka 3 amabweretsa pafupifupi theka lake, pomwe akudya kwambiri kuposa kale. Amene ali ndi makanda panopa zikumuyendera. Amene ana ake onse atatu ali ndi zaka 3 akulira, ndipo ndi amenewo amene akulemba makalata mwawaonawo.

China, maola 30 si a chaka chonse. Ndi a masabata 38, onse pamodzi 1,140. Mukawatambasula pa masabata 48 mumapeza maola osakwana 24 pa sabata. Makolo ambiri amadabwa ndi invoisi ya Ogasiti chifukwa cha zimenezi.

Chikondi M.
Ndiye akapeza kuti ya boma yachepa, n'kuika pa chakudya. Si kuzemba lamulo kumeneko?

aNambewe
Kumakhala kuzemba akachita molakwika. Malangizo a boma amene adayamba kugwira ntchito mu Epulo 2025 ndi omveka. Pa maola a boma, wolera saloledwa kulipiritsa kusiyana kwa mtengo wake ndi wa khonsolo. Ngati iye amatchaja £6 ndipo khonsolo ikumupatsa £5.40, sangakulembereni 60p pa ola. Chimene amaloledwa ndi kulipiritsa chakudya, zinthu zotha monga matewera, mawaipu ndi mafuta oteteza ku dzuwa, maulendo apadera, ndi maola owonjezera pa mtengo wake. Koma zimenezi zikhale zosankha. Kholo likati libweretsa chakudya ndi matewera ake, pakhale njira yoti mwana apezebe malo ake. Invoisi nayo ionetse chilichonse pa mzere wake: maola a boma pa £0, maola olipira, chakudya, zinthu zotha, maulendo. Makhonsolo adafuna kuti pofika Januwale 2026 onse akhale atayamba kulemba chonchi.

Ndiye mukaona mzere umodzi wongoti "zowonjezera, £15 pa tsiku", funsani mwaulemu kuti augawe. Akakana, kumene mungadandaule ndi ku ofesi ya khonsolo yoona za ana aang'ono, poti ndi imene idasainirana naye mgwirizano wa maola a boma.

aNaphiri
Kwa anzanga olera, mtengo wa chakudya muziuwerengera, osangotchula. Tengani malisiti a masabata anayi, chotsanimo za banja lanu, gawani ndi chiwerengero cha masiku amene ana adadya. Mukapeza £3.20 lembani £3.20 kapena £3.50, ndipo kholo likafunsa muli ndi poyambira. Musaiwale kuti mkaka boma limabweza ndalama yake kudzera mu Nursery Milk Scheme, 189ml pa tsiku kwa mwana aliyense wosakwana zaka 5 amene wakhala maola awiri kapena kupitirira. Ndi kandalama kochepa koma ambiri sakatenga chifukwa cha ulesi wa mafomu.

Kwa makolo ofuna kubweretsa chakudya chawo, zimatheka, koma dziwani zovuta zake. Pakakhala mwana wodana ndi mtedza, chiponde sichilowa m'nyumbamo, ngakhale ndiwo zotendera. Mpunga wa dzulo ambiri amakana kutenthetsa. Ndipo mwana wa zaka 2 akaona anzake akudya zina, bokosi lake amalikankhira kutali.

Achemwali a ku Luton
Zonse mwanenazi n'zabwino, koma theka la gulu lino maola 30 sakuwaona n'komwe. Amene ali pa viza ya Health and Care Worker kapena ya sukulu, pa viza pawo padalembedwa kuti alibe ufulu wa ndalama za boma. Amenewa sangalandire Universal Credit (thandizo la boma kwa opeza zochepa), sangatsegule Tax-Free Childcare (akaunti yolipirira olera ana imene boma limaonjezerapo ndalama), ndipo maola 30 a makolo ogwira ntchito sangapatsidwe. Kupatula ngati mnzawo wa m'banja ali nzika kapena ali ndi chilolezo chokhazikika, apo wofunsira akhale iyeyo. 50p imeneyi kwa iwo imachoka m'thumba yonse, pa ola lililonse.

Zimene angapeze ndi ziwiri. Maola 15 pa sabata kwa masabata 38, a mwana aliyense wa zaka 3 ndi 4, saona za viza. Amayamba temu yotsatira mwana akakwanitsa zaka 3, ndiye wobadwa mu Meyi amayamba Seputembala. Chachiwiri, pali maola 15 a ana a zaka 2 a mabanja opeza zochepa, ndipo mabanja a viza zotere amaloledwa kufunsira ku khonsolo ngati ndalama zawo zili pansi pa malire amene adaikidwa. Chonde musayese kufunsira Universal Credit "kungoona ngati zitheke". Zimenezo zimakatulukira pa nthawi yokonzanso viza.

Mayi a Yankho
N'chifukwa chake ambiri akungosiya ana kwa mnzathu wa pa mpingo, £25 tsiku lonse, nsima adya, Chichewa aphunzira. Cholakwika n'chiyani pamenepo?

aNambewe
Mayi a Yankho, ndikumvetsa chimene chikuwakankhira kumeneko, koma lamulo lake ndi ili. Munthu akamasunga mwana wosakwana zaka 8 m'nyumba mwake, kupitirira maola awiri pa tsiku, n'kumalandira malipiro, ayenera kulembetsa ku Ofsted kapena ku ejensi ya ma childminder. Kupanda kutero ndi mlandu, ndipo wolakwa ndi wosungayo. Osafunika kulembetsa ndi achibale enieni a mwanayo: agogo, azakhali, amalume, mkulu wake. "Anti" wa pa mpingo sali m'gulu limeneli. Anthu awiri osinthana kusunga ana popanda kulipirana ndalama ali bwinobwino. Wobwera kudzasunga mwana m'nyumba ya makolo ake nayenso sakakamizidwa kulembetsa, koma apo samalani, mukhoza kupezeka kuti ndinu bwana wake pa nkhani ya msonkho ndi malipiro.

Zimene zimavuta ndi izi. Palibe inshuwalansi mwana akapsa ndi tiyi kapena akagwa pa masitepe. Anthu ena a m'nyumbamo palibe adawafufuza, pomwe kwa wolembetsa aliyense wa zaka 16 kupita m'mwamba wokhala m'nyumbamo amadutsa pa DBS, kufufuzidwa ngati ali ndi mbiri ya milandu. Maphunziro a chithandizo choyamba cha ana, a maola 12 obwereza zaka zitatu zilizonse, mwina alibe, ndipo mwana wotsamwa ndi mphesa sadikira ambulansi. Mwana akakwanitsa zaka 3, maola 15 aja simungawagwiritse ntchito kumeneko. Ndipo wosungayo ngati viza yake siyilola bizinesi yakeyake, monga ya sukulu, akuika pa ngozi kukhala kwake m'dziko muno chifukwa cha £25.

Mayi a Yankho
Za viza ya sukuluzo sindimadziwa. Ndiwauza.

Bambo Gondwe
Kwa amene ali ndi ufulu wa thandizo, onetsetsani kuti mukutenga zonse. Tax-Free Childcare imayenda chonchi: mukaika £8 mu akaunti, boma limaikapo £2, mpaka £500 pa miyezi itatu, kapena £2,000 pa chaka pa mwana mmodzi. Kwa mwana wolumala malirewo ndi owirikiza. Koma taonani msampha wake. £500 imakwana invoisi ikafika £2,500 pa miyezi itatu. Wolipira maola 40 pa £5.50 kwa masabata 13 ali pa £2,860, wadutsa kale malire, ndiye 50p yowonjezera adzaisenza yekha yonse. Amene ali ndi maola 30 a boma n'kumalipira maola 10 okha, kukwera kwake ndi £5 pa sabata ya sukulu, ndipo boma limusenzerako £1.

Wa Universal Credit amabwezeredwa mpaka 85% ya zimene walipira, malire ake ndi kupitirira pang'ono £1,000 pa mwezi kwa mwana mmodzi. Mtengo ukakwera muziika invoisi yatsopano mu akaunti mwezi womwewo, chifukwa mukachedwa kunena akhoza kukana kubweza. Ziwirizi sizitengedwa pamodzi. Mukatsegula Tax-Free Childcare muli pa Universal Credit mudzisokonezera nokha, ndipo kwa opeza zochepa 85% ndiyo yaikulu.

Khodi ya maola 30, nambala imene boma limapereka kwa kholo kuti lipeze maolawo, imafuna kuti kholo lililonse lizipeza ndalama yofanana ndi maola 16 pa sabata pa malipiro otsikitsitsa, pafupifupi £195 pa mtengo wa 2025, koma osapitirira £100,000 pa chaka. Muziitsimikizira miyezi itatu iliyonse. Yatsopano ikhale m'manja pofika 31 Disembala kuti igwire mu Januwale, 31 Malichi kuti igwire mu Epulo, 31 Ogasiti kuti igwire mu Seputembala. Mukaphonya ndi tsiku limodzi, temu yonse mulipira nokha.

Chikondi M.
Chabwino, mwandigonjetsa pa masamu. Koma kunena zoona kakwezedwe ka ena n'konyansa. Munthu wakhala zaka zinayi osakweza, kenako n'kubwera ndi £1.20 nthawi imodzi, uthenga wake pa WhatsApp 10 koloko usiku.

aNaphiri
Apo ndiye tagwirizana achimwene. Ambiri mwa ife timachita manyazi ndi ndalama, makamaka makolo akakhala anthu odziwana nawo. Munthu amangopirira, zaka n'kumapita, mpaka tsiku limene akaunti yalira, ndiye amakweza mwaukali. Kholo limene likadalandira 25p chaka chilichonse osadandaula limaona £1.20 ngati chipongwe.

Kakwezedwe koyenera n'kosavuta. Mu kontrakiti mulembe kuti mitengo imaunikidwa kamodzi pa chaka, mwezi wakutiwakuti. Epulo ndi wabwino chifukwa ndi pamene mitengo ya khonsolo ndi malipiro a makolo zimasintha. Januwale ndi woipa, anthu amakhala atauma ndi Khrisimasi. Perekani notisi yoposa imene kontrakiti ikufuna, masabata 6 kapena 8, kuti wa Universal Credit kapena wosintha mashifiti akonzekere. Kalata ikhale yaifupi: mtengo wakale, watsopano, tsiku loyambira, ndi chimene invoisi ya banja limenelo idzakhale pa mwezi. Musalembe masamba awiri opepesa kapena kufotokoza mavuto a m'nyumba mwanu, zimangotsegula khomo la kunenerera. Uzani makolo onse tsiku limodzi, poti amakumana pa geti la sukulu ndipo amafunsana. Asaine tsamba la kusinthako, limodzi lanu, lina lawo.

Cholakwika china chofala ndi kusiya makolo akale pa mtengo wakale mpaka kalekale, atsopano n'kumalipira wokwera. Zikadziwika, ndipo zimadziwika, mumataya onse awiri. Ngati mukufuna kuchitira chifundo banja lina, lipatseni miyezi itatu yosinthira, yolembedwa, yokhala ndi tsiku lothera.

Bambo Gondwe
Anzathu olera, musanakweze yang'ananinso mabuku anu, chifukwa ena mukulipira msonkho woposa umene muyenera. HMRC, bungwe la msonkho, ili ndi dongosolo la ma childminder okha. Wogwira maola 40 kapena kuposa pa sabata amachotsa 33% ya bilu ya gasi ndi magetsi, ndi 10% ya madzi, council tax ndi lendi. Wa maola ochepa amachotsa mochepera molingana ndi maolawo, wa maola 20 amatenga theka lake. Palinso 10% ya ndalama yonse yolowa, ya kutha kwa mipando ndi makapeti, koma mukatenga imeneyi simungalembenso mtengo wa sofa yatsopano. Galimoto mu 2025 inali 45p pa mailo kwa mamailo 10,000 oyamba, bola muzilemba ulendo uliwonse m'kabuku. Onetsetsani kuti inshuwalansi ya galimotoyo ikulola kunyamula ana a bizinesi, chifukwa ya wamba ikhoza kukana kulipira pakachitika ngozi.

Tizinthu ting'onoting'ono tiziwerengedwanso: £35 ya Ofsted pa chaka kwa amene ali pa kaundula wa ana aang'ono, ya ICO (bungwe loteteza zinsinsi za anthu) ngati mumasunga zithunzi ndi mbiri za ana pa foni kapena kompyuta, inshuwalansi ya ngozi za ana, maphunziro. Dziwaninso kuti kuchotsa pa msonkho si kubwezeredwa. Mukalemba £100 ya gasi, chimene mwapulumutsa ndi msonkho wa pa £100 imeneyo, pafupifupi £26 kwa ambiri mukaphatikiza 20% ndi 6% ya National Insurance. £74 inayo yapita ndithu.

Mayi a Tadala
Wina wandifunsa ku inbox: bwanji osangolemba wothandizira n'kutenga ana ambiri m'malo mokweza?

aNambewe
Zimathandiza ena, koma werengerani kaye. Wothandizira wa maola 30 pa £12.21 ya 2025 ija ndi £366 pa sabata. Ikanipo tchuthi chake cha masabata 5.6 pa chaka, mwafika cha m'ma £410, penshoni ndi inshuwalansi ya olemba ntchito tisanaziwerenge. Pa £6 pa ola, pakufunika maola a ana pafupifupi 68 pa sabata kuti mungomulipira iyeyo. Ndiye mwa ana atatu owonjezera, awiri akugwirira wothandizira, phindu lanu lili pa wachitatu. Mmodzi akachoka mwezi wa Julayi, malipiro a wothandizira sadikira kuti malo adzaze.

Nyumba nayo ikwane. Lamulo limafuna masikweya mita 3.5 pa mwana wosakwana zaka 2, 2.5 kwa wa zaka 2, ndi 2.3 kwa wa zaka 3 mpaka 5. Wa lendi apemphe kaye mwininyumba, ndipo makhonsolo ena amafuna chilolezo cha mapulani ana akachuluka. Wothandizirayo saloledwa kutsala yekha ndi ana kupitirira maola awiri pa tsiku, ndipo pafunika makolo avomere komanso akhale ndi satifiketi ya chithandizo choyamba.

Achemwali a ku Luton
Kwa makolo amene £6 yawakulira, musanathamangire kuchotsa mwana funsani mitengo ya malo ena atatu apafupi, komanso ngati ali ndi malo. Ma childminder ku England achepa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi 2015, ndiye malo mukawasiya lero mawa alowa wina. Nazale zambiri zimagulitsa theka la tsiku kapena tsiku lathunthu, osati ola, ndipo sizitsegula 6:30 m'mawa kuti inu mukafike pa shifiti ya 7.

Zimene mungakambirane zilipo. Pemphani kuti ndalama ya chaka igawidwe mofanana pa miyezi 12: maola 30 pa £6 kwa masabata 48 ndi £8,640, pa mwezi £720, osasintha ngakhale mwezi ukhale wa masabata asanu. Yang'anani maola amene mudasainira koma simuwagwiritsa ntchito. Ambiri adalemba mpaka 6 koloko pomwe amatenga mwana 5 koloko tsiku lililonse, amenewo ndi maola asanu pa sabata, £30, oposa kukwera konseko. Funsani ngati pali kuchotsera kwa mwana wachiwiri, koma musakakamize, poti mwana wachiwiriyo watenga malo athunthu. A mashifiti osinthasintha, perekani rota ikangotuluka. Wolera amene akukusungirani masiku asanu pomwe mumabwera atatu osadziwika ali ndi chifukwa cholipiritsa onse asanu, koma mukakhazikitsa masiku ndi abwana anu ku ntchito, awiri enawo akhoza kugulitsa kwa wina ndipo invoisi yanu itsika.

Chikondi M.
Nanga ife a ku Glasgow zonsezi zikutikhudza?

aNambewe
Za Tax-Free Childcare, Universal Credit, zochotsa pa msonkho ndi viza ndi za UK yonse. Zina zonse ndanenazi ndi za England. Ku Scotland olera amalembetsa ku Care Inspectorate, ndipo maola 1,140 pa chaka amapatsidwa kwa ana onse a zaka 3 ndi 4 posaona ngati makolo akugwira ntchito, koma a makanda a miyezi 9 aja kulibe. Funsani khonsolo ngati childminder wanu ali pa mndandanda wa ololedwa kupereka maolawo, si onse ali pamenepo.

Mayi a Tadala
Zikomo nonse. Funso lomaliza lochokera kwa mayi wina: kalata yake idalembedwa pa 10 Disembala, mtengo watsopano ukuyamba pa 5 Januwale, kontrakiti ikuti masabata anayi.

aNaphiri
Masabata anayi kuchokera pa 10 Disembala akukwana pa 7 Januwale, ndipo ngati kalatayo adailandira mochedwerapo awerenge kuyambira tsiku limene idafika m'manja mwake. Alembe uthenga waufupi wopempha kuti masiku a pa 5 ndi 6 akhale pa mtengo wakale. Aonenso ngati kontrakitiyo siyikunena kuti masabata a tchuthi cha wolera sawerengedwa mu notisi, chifukwa ena amalemba choncho, ndipo ngati adatseka pa Khrisimasi tsiku loyambira lisunthira kutsogolo ndi masiku amenewo.